Mphaka wa Aneba Akadya Nkhunda: Ufulu ndi Udindo wa Eni Ziweto

Mphaka ndi nkhunda zimapezeka m'makomo ambiri a m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, kuchokera ku Benga ndi ku Chia, kudzera pa boma, mpaka ku Dwangwa. Chilichonse chili ndi ntchito yake pakhomo. Kumene kuli matumba a mpunga, makaka a chinangwa ndi usipa woyanika pa thandala, makoswe sasowa, ndipo mphaka ndiye mlonda amene banja lililonse lingamukwanitse. Nkhunda ndi ndiwo ya mlendo wofika mwadzidzidzi, ndi ndalama ya sopo ndi makope a ana, ndipo kwa anyamata ambiri ndicho chiweto choyamba chimene amachitcha chawochawo. Koma mphaka sasiyanitsa khoswe wa m'nkhokwe ndi maunda a m'khola la aneba. M'midzi ya kunyanja nyumba zimakhala zothithikana, moti khola la wina limakhala m'munsi mwenimweni mwa denga la mnzake.

Mkangano umayamba m'mawa, mwini nkhunda akapeza nthenga zili mbwee pansi pa khola. Zimene achite m'maola otsatirawo ndizo zimaonetsa kumene nkhaniyo ikathere: pa khonde, pa bwalo la mfumu kapena kupolisi. Kawirikawiri amene adayamba kulakwiridwa ndi yemwe amakagona m'chitokosi, chifukwa chobwezera asakudziwa malire amene lamulo lidaika.

Zonse ziwiri ndi katundu wa munthu

Gawo 28 la malamulo aakulu a dziko lino, amene adakhazikitsidwa mu 1994, limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala ndi katundu, ndipo limaletsa kumulanda katunduyo mwachisawawa. Ziweto zili m'gulu la katundu. Lamulo la milandu yaupandu la Penal Code, pofotokoza zinthu zimene munthu angaimbidwe nazo mlandu wakuba, limatchula nyama iliyonse yoweta imene ili ndi mwini wake. Silinena kuti nyamayo ikhale yodyedwa kapena yoti ingagulitsidwe pamsika. Choncho mphaka, ngakhale uja adapatsidwa ulele ali kamwana, ndi katundu chimodzimodzi nkhunda, mbuzi kapena bwato.

Nkhunda nayo sisiya kukhala ya mwini wake chifukwa yauluka. Malinga ngati ili ndi chizolowezi chobwerera ku khola lake, idakali yake ngakhale itatera pa denga la munthu wina. Apa ndi pamene imasiyana ndi njiwa ya kuthengo. Munthu wonyengerera nkhunda za mnzake ndi madeya kuti zilowe m'khola mwake, kenako n'kuzitsekera ndi cholinga choti zikhale zake, angathe kuimbidwa mlandu wakuba, womwe chilango chake chili m'gawo 278.

Umwini wa mphaka umadziwika ndi zochitika za tsiku ndi tsiku: amene amamudyetsa, kumene amagona, ndi amene anthu a m'mudzi amamutchula akati "mphaka wa kwa uje". Mfundoyi imaluma mbali zonse. Munthu sangakane kuti mphaka si wake pa tsiku limene wagwira nkhunda, kenako n'kudzalira kuti wanga pa tsiku limene waphedwa.

Kodi mwini mphaka ayenera kulipira?

Yankho limachokera ku magwero atatu amene gawo 200 la malamulo aakulu lidawalola kupitirira kugwira ntchito: malamulo a Nyumba ya Malamulo, malamulo ochokera m'zigamulo za makhothi amene maloya amawatcha common law, ndi malamulo a chikhalidwe. Malamulo a m'zigamulowo adalowa m'dziko muno ndi atsamunda, pamene lamulo la 1902 lidalandira malamulo a ku England monga momwe adalili pa 11 Ogasiti chaka chimenecho. Zigamulo za ku England zobwera pambuyo pa tsikulo sizimanga manja a woweruza wa ku Malawi, koma amaziwerenga ndi kuzitsata akaona kuti maganizo ake ndi omveka ndiponso oyenerana ndi moyo wa kuno.

Chigamulo chodziwika kwambiri pa nkhani imeneyi ndi cha mlandu wa Buckle ndi Holmes wa 1926. Mphaka wa Holmes adalowa pamalo a Buckle n'kupha nkhunda 13 ndi tinkhuku tiwiri ta mtundu wa bantam. Buckle adasuma kuti alipidwe, koma khothi la apilo la ku England lidagamula kuti Holmes asalipire. Oweruza adaona kuti kuyendayenda ndi kugwira mbalame ndi chibadwa cha mphaka aliyense, chimene aliyense amachidziwa, kotero woweta mbalame ndiye ayenera kuziteteza. Kuti mwini mphaka apezeke wolakwa, pafunika umboni woti ankadziwa kuti mphaka wake ali ndi khalidwe loipa loposa chibadwa cha amphaka onse.

Izi zimadabwitsa anthu ambiri chifukwa adazolowera mlandu wa mbuzi. Mbuzi, ng'ombe kapena nkhumba zikalowa m'munda wa chinangwa kapena m'dimba la mpunga la munthu wina, mwini wake amalipira, ngakhale atanena kuti chingwe chidaduka chokha. Pamenepa chikhalidwe ndi malamulo a m'makhothi zimayankhula chimodzi, ndipo n'chifukwa chake nthawi ya dzinja mafumu amalengeza kuti mbuzi zimangidwe. Kusiyana kwake n'koti mbuzi imamangika, imakusika, imatsekeredwa m'khola. Mphaka womangidwa pa chingwe wasiya ntchito imene adamuwetera. Lamulo likadati aliyense alipire mbalame iliyonse imene mphaka wake wagwira, palibe akadaweta mphaka, ndipo nkhokwe zikadatha ndi makoswe. Chigamulochi chimawawa kwa mnyamata amene wataya nkhunda zake, koma maziko ake ndi omveka.

Sikuti mwini mphaka wamasulidwa ku udindo wonse ayi. Amene waponya mphaka m'khola la mnzake mwadala, kapena watsegula khomo la khola kuti mphaka alowe, wawononga katundu ndi manja ake. Mphakayo wangokhala chida, ndipo gawo 344 la Penal Code, loletsa kuwononga katundu mwadala, kapena gawo 343, loletsa kupha ndi kuvulaza ziweto, lingamugwire. Amene mphaka wake wasiya makoswe n'kusandutsa khola la aneba modyera mwake, usiku ndi usiku, mpaka kung'amba zotchinga, iye atauzidwa koma osachitapo kanthu, wayandikira malire amene oweruza a mlandu wa 1926 uja adatchula. Palinso munthu wosunga gulu la amphaka osawadyetsa, n'kumaswana mopanda malire mpaka oyandikana naye kulephera kuweta kanthu. Ameneyu angasumiridwe chifukwa chosowetsa anzake mtendere pamalo pawo, pakuti ufulu wa munthu pa malo ake umathera pamene wayamba kuwonongera mnzake.

Pa zonsezi chinthu chachikulu ndi kudziwa. Mwini mphaka amene sadauzidwepo ali ndi poima polimba. Amene adauzidwa kawiri katatu pamaso pa mboni poima pake pamachepa. N'chifukwa chake chida champhamvu cha woweta nkhunda ndi chenjezo lomveka bwino, loperekedwa mwaulemu, pali munthu wina womva, ndipo tsiku lake n'kulembedwa penapake.

Kukhothi khomo lopezera chipepeso ndi lopapatiza ndithu. Pa bwalo la mfumu limatakasukako, chifukwa kumeneko sayang'ana chibadwa cha mphaka chokha, amayang'ananso mmene anthu awiriwo akhalirana. Mafunso amakhala akuti: kodi mudauzidwa, nanga mutauzidwa mudachitapo chiyani? Munthu amene adayankha mnzake kuti mphaka alibe chingwe, n'kulowa m'nyumba, amatha kuuzidwa kuti apereke chipepeso, makamaka chifukwa cha kunyozera kwakeko. Chikhalidwe chotere chili ndi malo ake m'malamulo a dziko, malinga ngati sichikutsutsana ndi malamulo aakulu.

Kupha mphaka

Apa ndi pamene odandaula ambiri amasanduka oimbidwa mlandu. Gawo 343 la Penal Code limati kupha, kupundula kapena kuvulaza mwadala ndi mosaloledwa nyama imene ili ndi mwini ndi mlandu. Pamwamba pa apo pali lamulo loteteza nyama la Protection of Animals Act, loletsa kuchitira nkhanza ziweto: kuzimenya mwankhanza, kuzizunza kapena kuzipatsa poizoni popanda chifukwa chovomerezeka. Kuthira mphaka madzi otentha, kumutchera khwekhwe la waya, kumuthyola msana ndi chibonga kapena kumumangira m'thumba n'kukamuponya m'nyanja, zonsezi ndi milandu, ngakhale mphakayo atapezeka ndi nthenga kukamwa.

Lamulo limalola munthu kuteteza ziweto zake, koma malire ake ndi othina. M'mlandu wa Cresswell ndi Sirl, wa m'mabuku a zigamulo a 1948, wokhudza galu amene adawomberedwa chifukwa chothamangitsa nkhosa, khothi la ku England lidaika mfundo ziwiri. Yoyamba, nyamayo ikhale ikugwira ziweto nthawi yomweyo, kapena zikhale zoonekeratu kuti ikangosiyidwa iyambiranso pompo. Yachiwiri, pasakhale njira ina yanzeru yopulumutsira ziwetozo kupatula kupha. Kwa mphaka mfundo yachiwiriyi ndi yovuta kuikwaniritsa, chifukwa mphaka amathawa ndi kukuwa chabe, kuwomba m'manja kapena kapu ya madzi ozizira. Kumupha mawa lake ali kuwothera dzuwa pakhomo pa mbuye wake si kuteteza nkhunda. Ndi kubwezera, ndipo lamulo silivomereza. Wolowa m'bwalo la nyumba ya mnzake ndi cholinga chimenecho amawonjezeranso mlandu wa gawo 314, wolowa pamalo a munthu ndi cholinga chochita cholakwa kapena chomuopseza.

Poizoni ndiye woipitsitsa. Kuika mankhwala a makoswe, monga aja anthu amawatcha tameki, m'mutu wa nsomba n'kuusiya kuseri kwa nyumba ndi kutchera mudzi wonse. Nyambo sisankha wodya. Imapha nkhuku, abakha ndi agalu a anthu osalakwa. Nkhuku yofa ndi poizoni imatha kuphikidwa n'kudyedwa. Ndipo mwana wokwawa amatola chilichonse n'kuika m'kamwa. Munthu akavulala kapena kufa, nkhani ya nkhunda imaiwalika, chotsala ndi mlandu wovulaza kapena wopha munthu. Palibe nkhunda imene mtengo wake ungafanane ndi chiopsezo chimenechi.

Nthawi zina wogenda mphaka kapena nkhunda ndi legeni amakhala mwana. Malinga ndi Penal Code, mwana wosakwana zaka 10 saimbidwa mlandu waupandu, ndipo wosakwana zaka 14 amaimbidwa pokhapokha patapezeka umboni woti ankazindikira kuti zimene akuchitazo n'zolakwika. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limalimbikitsa kuti milandu ing'onoing'ono ya ana ithe popanda kuwalowetsa m'ndende. Koma wamkulu wotuma mwana kuti akaphe chiweto cha mnzake amayankha mlanduwo ngati wachita yekha. Ndipo wolakwiridwa alibe ufulu womenya mwana wa mnzake; kumenya ndi mlandu pawokha.

Pakamwa pamabala mlandu wina

Milandu yambiri yochokera ku ziweto imafika kupolisi chifukwa cha mawu. Gawo 181 la Penal Code limaletsa khalidwe loyambitsa chisokonezo, gawo 182 limaletsa kutukwana kumene kungautse ndewu, ndipo kuopseza munthu kuti aona zakuda kapena nyumba yake ipsa ndi mlandu wa gawo 88.

Mphaka ali ndi vuto lapadera, chifukwa anthu ena amamugwirizanitsa ndi ufiti, makamaka akakhala wakuda ndiponso woyenda usiku. Mkangano wa nkhunda ziwiri umatha kusanduka chinenezo choti mphakayo ndi wotumidwa, kapena kuti ndi gogo wa nyumba ija amene wasanduka. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo kuitana sing'anga kuti adzaloze mfiti ndi mlandunso. M'dziko muno okalamba akhala akumenyedwa, kuotcheredwa nyumba ngakhale kuphedwa kumene chifukwa cha zinenezo zotere. Mphaka amayenda usiku chifukwa maso ake amaona bwino kukachita mdima ndipo makoswe amatuluka nthawi yomweyo. Mfumu kapena mtsogoleri wa mpingo kapena wa mzikiti akamva mawu a ufiti akulowa m'nkhani ya ziweto, ayenera kuwadula pomwepo asanafalikire.

Nkhunda nazo zikalakwa

Kudandaula sikuchokera mbali imodzi yokha. Ku Nkhotakota, kumene mpunga umayanikidwa pabwalo ndipo nazale zake zimafesedwa poyera, gulu la nkhunda lingathe kuwononga zambiri pa tsiku limodzi. Zimaipitsanso madenga amene anthu amakololerapo madzi a mvula. Mwini mpunga ali ndi ufulu wodandaula, ndipo woweta nkhunda wanzeru amazitsekera kapena kuzidyetsa mokwanira pa masiku ofesa ndi oyanika.

Komabe malire aja amagwiranso ntchito kuno. M'mlandu wa Hamps ndi Darby wa 1948, mlimi Darby adawombera nkhunda za mpikisano za Hamps zimene zinkadya nsawawa m'munda mwake. Khothi lidati nkhundazo zidakali katundu wa Hamps popeza zinkabwerera kwawo, ndipo Darby adayenera kuyamba wayesa kuziingitsa asanaziwombere. Adalamulidwa kulipira.

Nkhunda za mpikisano ndi zija zimatengedwa ulendo wa makilomita mazanamazana n'kumasulidwa kuti zipikisane kubwerera ku makola awo, ndipo zimavala kamphete ka nambala kumwendo. Masewerawa ndi otchuka ku Belgium, ku England, ku China ndi ku South Africa. Mitengo yake ndi yodabwitsa: mu Novembala 2020 nkhunda yaikazi ya ku Belgium yotchedwa New Kim idagulidwa pa mayuro 1.6 miliyoni.  Nkhunda za kunyanja kuno ndi za ndiwo ndi malonda ang'onoang'ono, koma mfundo ya lamulo siyendera mtengo: katundu wa mphawi amatetezedwa mofanana ndi wa mwinichuma.

Umboni

Wodandaula ndi amene ayenera kuonetsa kuti wapha nkhunda ndi mphaka, ndiponso kuti ndi mphaka wa munthu amene akumulozayo. Nthenga zokha sizitchula dzina. Adani a nkhunda ndi ambiri m'dera la nyanja: likongwe, vumbwe, ng'azi, njoka, kabawi, kadzidzi, makoswe amene amadya mazira ndi maunda aang'ono, amphaka opanda mwini amene amakhalira zotsala za nsomba m'madoko, komanso anthu akuba. Midzi yoyandikana ndi nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota imachezeredwa kwambiri ndi tinyama ta kuthengo.

Pali zizindikiro zothandiza. Mbalame yolusa imazula nthenga bwinobwino, pamene nyama ya mano imasiya nthenga zotafunidwa kutsinde. Mchenga wa kunyanja umasunga mapazi: a mphaka ndi obulungira ndipo saonetsa zikhadabo chifukwa amazibisa poyenda, pamene a galu ndi a likongwe amaonetsa. Wakuba sasiya nthenga, amasiya khomo lotsegula. Chanzeru ndi kuitana munthu wachikulire kuti aone malowo asanasesedwe, kujambula ndi foni ngati ilipo, ndi kuwerenga nkhunda zotsala pamaso pake. Kuloza mnzako popanda umboni kumadula ubale umene ukadathandiza kupeza mdani weniweni.

Zimene aliyense angachite pakhomo pake

Popeza lamulo limaika gawo lalikulu la chitetezo pa woweta nkhunda, khola ndilo liyenera kuyamba kukonzedwa. Likhale pa mitengo yaitali, poti mphaka amatha kulumpha pafupifupi mita imodzi ndi theka ali chiimire. Litalikire denga, mpanda ndi nthambi za mango zimene mphaka angadzerepo. Mitengo yake ikulungidwe ndi lata losalala, monga amachitira ndi miyendo ya nkhokwe poletsa makoswe. Makomo azitsekedwa dzuwa likalowa. Ukonde wakale wophera nsomba umathandiza kutchinga, koma neti ya udzudzu isiyidwe pa ntchito yake yoteteza anthu ku malungo.

Mwini mphaka nayenso asakhale manja lende. Ena amamana mphaka chakudya poganiza kuti njala ndiyo imamupangitsa kugwira makoswe, chonsecho mphaka wokhuta amasakabe, ndipo wanjala ndi amene amapita kutali kukafuna chosavuta kugwira. Kumutsekera madzulo m'chipinda chosungira mpunga mpaka kutacha kumapha mbalame ziwiri ndi mwala umodzi wosavulaza aliyense: makoswe amachepa, khola la aneba limagona mwamtendere. Mphaka wamkazi amakhala ndi bere pafupifupi milungu isanu ndi inayi ndipo amatha kuswa kawiri kapena katatu pa chaka, choncho kuthena ndi kutseka amphaka ndiyo njira yeniyeni yochepetsera osowa pokhala. Alangizi a ziweto a boma amapereka uphungu pa izi, ndipo mabungwe monga LSPCA ya ku Lilongwe amagwira ntchito yotereyi. Kutaya tiana ta mphaka kumsika kapena kudoko ndi kungosamutsira vuto kwa anthu ena.

Katemera wa chiwewe ndi udindo wina wosayenera kuuzengereza. Chiwewe chimafala kwambiri ndi agalu, koma amphaka nawonso amachitenga ndi kupatsira anthu, ndipo zizindikiro zikangoyamba kuoneka munthu sachira. Lamulo la Control and Diseases of Animals Act limapatsa boma mphamvu zolimbana ndi matenda a ziweto monga amenewa, ndipo pa 28 Seputembala chaka chilichonse dziko lonse lapansi limakumbukira za nthendayi. Amene walumidwa kapena kukandidwa kwambiri poingitsa mphaka m'khola atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Okhala m'nyumba za lendi kapena za kampani, monga zilili ku Dwangwa ndi pa boma, ayeneranso kutsata zimene adagwirizana ndi mwini nyumba pa za ziweto. Makhonsolo nawo ali ndi mphamvu, pansi pa lamulo la maboma ang'ono la 1998, zokhazikitsa malamulo a m'dera lawo okhudza kasungidwe ka ziweto.

Kodandaula, ndi kuwerengera chipepeso

Poyambira ndi pa khonde la mwini mphaka, tsiku lomwelo, mtima utazizira, ndi munthu mmodzi woperekeza. Zikakanika, akuluakulu a banja, a mpingo kapena a mzikiti, kapenanso a komiti ya chitetezo cha m'mudzi, angathe kuyanjanitsa. Kenako nkhani imapita kwa nyakwawa, ikakula kwa gulupu, mpaka kwa mfumu yaikulu ya deralo, monga a Malengachanzi, a Mwadzama, a Kanyenda, a Mphonde, a Kafuzira kapena a Mwansambo. Lamulo la mafumu la 1967 limawapatsa udindo wosungitsa mtendere m'madera awo ndi kugwira ntchito zawo za chikhalidwe.

Bwalo la mfumu ndi loyanjanitsa, ndipo mphamvu ya chigamulo chake imatsamira pa kuvomereza kwa mbali zonse ziwiri. Mfumu ilibe mphamvu yotsekera munthu, yolamula kuti akwapulidwe, kapena yomusamutsa m'mudzi chifukwa cha mphaka. Gawo 19 la malamulo aakulu limateteza ulemu wa munthu ndipo gawo 39 limateteza ufulu wake wokhala kumene akufuna m'dziko muno. Aliyense ayenera kumvedwa, kaya ndi mayi wamasiye, mnyamata kapena mlendo wobwera kudzapha nsomba. Zimene agwirizana ndi bwino zilembedwe: zingati zilipidwe, pofika liti, ndipo aliyense akonze chiyani pakhomo pake.

Chipepeso cholinga chake ndi kubwezera wolakwiridwa pamene adali, osati kumulemeretsa. Muyeso wake ndi mtengo wa nkhunda yotero pamsika wa m'deralo, ndipo nthawi zambiri kubweza nkhunda ndi nkhunda kumaphweka kuposa ndalama. Pali chinthu chimodzi chimene osaweta amachiiwala. Nkhunda zimakhala ziwiriziwiri, zimaikira mazira awiri, ndipo yaimuna ndi yaikazi zimasinthana kufungatira kwa masiku pafupifupi 18 ndi kudyetsa maunda kuchokera kukhosi kwawo kwa milungu ngati inayi. Imodzi ikaphedwa pali mazira kapena maunda aang'ono m'chisa, kawirikawiri nawonso amatayika, ndipo n'koyenera kuwawerengera. Mbali inayi, ngati khola lidali lotsegula usiku kapena lofikirika mosavuta, mwini wake asenzeko gawo la kutayako. Mphaka wophedwa nayenso amalipiridwa, poganizira ntchito imene ankagwira pakhomo.

Kupolisi kumapita nkhani zaupandu: kupha chiweto mwadala, poizoni, kuba, ndewu, kuopseza ndi kunenera munthu ufiti. Mphaka kugwira nkhunda mwa iye yekha si mlandu woti mwini wake amangidwe nawo; ndi nkhani ya chipepeso. Womangidwa ali ndi ufulu, malinga ndi gawo 42, wouzidwa chifukwa chake ndi wokaonekera kukhothi pasanathe maola 48, ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere. Ngakhale mlandu utafika kukhothi, gawo 161 la lamulo la kayendetsedwe ka milandu yaupandu limalola woweruza kulimbikitsa chiyanjano pa milandu ing'onoing'ono ya pakati pa anthu, wolakwa n'kupereka chipepeso.

Amene sadakhutire ndi za kumudzi ali ndi ufulu, pansi pa gawo 41, wokasuma ku khothi la majisitireti. Madandaulo a ndalama zochepa ali ndi njira yachidule imene munthu angadziyankhulire yekha popanda loya: amafotokozera kalaliki wa khothi dandaulo lake, amalipira ndalama yotsegulira mlandu n'kulandira lisiti, ndipo winayo amapatsidwa chisamani. Osowa angapemphe uphungu ku Legal Aid Bureau, yomwe idakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, kapena kwa alangizi a zamalamulo a m'mabungwe monga PASI. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma kukhothi uli ndi nthawi yake: dandaulo la katundu wowonongeka liyenera kuperekedwa pasanathe zaka 6, ndipo la kuvulala kwa munthu pasanathe zaka 3.

Wosuma awerengere bwino asananyamuke. Kwa munthu wochokera kutali ndi boma, ndalama zoyendera iye ndi mboni zake maulendo awiri kapena atatu zimatha kuposa mtengo wa nkhunda zinayi, ndipo ngati alibe umboni woti adachenjezapo mwini mphaka, angathe kubwerako chimanjamanja. Pa nkhunda zochepa, bwalo la nyakwawa ndilo loyenera. Khothi lisungidwire nkhani zimene zabwerezedwa, zokhudza poizoni, kapena zimene mbali ina yakana kumvera chilichonse. Wosakhutira ndi chigamulo cha majisitireti ali ndi ufulu wochita apilo ku High Court.